Modemu yochokera ku Lisboa, nyumba ili ku Ulongwe

Wamawaya wa ku Ulongwe: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Madala ena kuno mwana wawo wawatumizira modemu kuchokera ku Lisboa, pabokosi palembedwa DOCSIS 3.1, ndipo akuti ndiwalumikizire lero lomwe. Ndaitembenuza uku ndi uku, polowetsa SIM palibe. Kumbuyo kuli kachitsulo kozungulira kamazinga ngati ka pa dikoda. Pakhomopo pali anthu 6, madzulo amaonera mpira pa intaneti, mwana wawo wamkazi amaphunzira pa Zoom. Ndiyambire pati?

Mestre wa ku Matundo: Mphwanga, imeneyo ndi cable modem. Imalandira intaneti kudzera mu waya wa coaxial (wozungulira ngati wa dishi) wa kampani yomwe yakoka waya wotere mpaka pakhomo, ndipo kampaniyo iyenera kulembetsa nambala ya MAC (nambala yozindikiritsa chipangizo) ya modemuyo pamakina awo. Popanda ziwirizi, ndi chokongoletsera pa kabati basi. Waya wa dishi ulowa bwinobwino pamazingapo, koma usadzivute, mulibe intaneti m'menemo. Ndinatayapo tsiku lathunthu ndi zimenezi ndili wachinyamata pantchito.

Wamawaya wa ku Ulongwe: Ndiye ndinali nditayamba kale kumasula waya wa dishi, Mestre.

Mayi wa makompyuta, Moatize: Bwezeranipo achimwene, mpira usawadutse. Kwanuko njira ndi rauta ya 4G yolowa SIM. Koma musanagule, tengani SIM za Movitel, Vodacom ndi Tmcel, muyese liwiro pafoni muli m'nyumba momwemo. Muyese cha m'ma 7 kapena 8 usiku pamene aliyense ali pa intaneti, osati m'mawa netiweki ili yopepuka. Rauta singakupatseni zoposa zomwe mlongoti ukutumiza.

Zosowa zawo n'zochepa kusiyana ndi momwe akuganizira. Mpira wa HD umafuna ma Mbps (muyezo wa liwiro la intaneti) 5 kapena kupitirira pang'ono, Zoom 3 kapena 4, otsalawo ndi WhatsApp ndi Facebook. Mukapeza 15 mpaka 20 yosagwedezeka, onse akhuta. Muyang'anenso upload, liwiro lotumizira, chifukwa mtsikanayo akayatsa kamera ndi imene imamugwetsa m'kalasi.

Mestre wa ku Matundo: Mayi anena zoona. Pabokosi la rauta pakalembedwa Cat4 ndi 150 Mbps, Cat6 ndi 300, koma manambalawo ndi apapepala. Ubwino weniweni wa Cat6 ndi wakuti imagwira mabandi (njira za siginolo) awiri nthawi imodzi, ngati mlongoti wakwanuko umalola. Chomwe ine sindisiya ndi mabowo a antena yakunja. Nyumba ya njerwa zootcha ndi malata imadya siginolo koopsa.

Kamnyamata ka ku Zóbuè: Bwanji osangowauza za Starlink, intaneti ya setilaiti ija? Inalowa m'dziko muno mu 2023.

Mayi wa makompyuta, Moatize: Ngati mwana wa ku Lisboayo azilipira mwezi ndi mwezi, palibe vuto. Koma kugula dishi chifukwa cha TV imodzi ndi Zoom, uyambe wawerenga mametikali ake, mwanawe.

Mestre wa ku Matundo: Ndipo rautayo usaitsekere m'kabati. Kuno ku Tete mwezi wa Okutobala rauta imatentha mpaka kumadzizimitsa yokha. Kwanu ku Angónia kumazizira, komabe iike pamwamba, pafupi ndi zenera loyang'ana kumlongoti. TV uilumikize kurauta ndi waya wa netiweki wa Cat5e, Wi-Fi uwasiyire a mafoni.

Wamawaya wa ku Ulongwe: Ndabwerako. Ndayesa 8 koloko usiku: SIM ina yapereka ma Mbps 4 pabalaza, ina 9, koma yomweyo ya 9 nditakwera pampando pazenera lakuchipinda yafika 21. Mawa ndikagula rauta ya Cat6 ndi waya wa mamita 15. Modemu ija madala akana kuti ndiichotse, akuti ikhale pomwepo pamwamba pa TV, mwana wawo akamaimba vidiyo aziiona.