Mwana wanga akukana botolo, tchuthi chatsala pang'ono kutha. Ndithandizeni amayi anzanga

Membala wobisa dzina:

A Admin chonde mundibise dzina. Amayi anzanga, mundiyankhe mwachifundo, mutu wanga sukugwira.

Ndili ndi mwana wamkazi, woyamba, watsala pang'ono kukwanitsa miyezi 3. Chibadwire sanalawepo kanthu kena kupatula bere, ngakhale madzi. Kuntchito anandipatsa masabata 8 a uchembere monga lamulo limanenera, ndinaphatikizapo holide yanga ya pachaka, koma zonsezo zikutha mwezi uno. Ndimakhala ku Chirimba, ntchito ndi ku Limbe. Amene mumayenda njira imeneyi pa minibasi mukudziwa kuti zothamangira kunyumba masana kukayamwitsa sizingatheke. Ndizichoka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa.

Ndikufunitsitsa afike miyezi 6 akumwa mkaka wanga wokha monga amatiuzira ku sikelo. Mkaka ulipo, ndikafinya umatuluka bwinobwino. Vuto ndi mwini wakeyo. Akangomva titi ya botolo pakamwa amaikankha ndi lilime, kenako kulira kofika pobanika. Tsiku lina anayesa kuyamwa koma mkaka unatuluka wambiri nthawi imodzi, anatsamwa, ndiye pano akangoliona botolo amatembenuza nkhope. Botololo ndinagula pamsika, lalikulu, lolembedwa 250 ml.

Azitsala ndi mng'ono wanga komanso apongozi anga amene abwera kuchokera ku Thyolo kudzatithandiza. Apongoziwo akuti mwana akapitiriza kukana amuphikira kaphala kamadzimadzi, ati bambo ake anakula choncho. Ndi mayi abwino, sindikufuna kukangana nawo, koma mtima wanga ukukana.

Ndiye ndigule botolo lanji? A Avent ndi Tommee Tippee ndinawaona m'tauni koma mtengo wake ndi wowawa, kodi ndi osiyanadi ndi enawa? Ndimuzoloweretse bwanji? Nanga mkaka ndizisiya wochuluka bwanji, ndi kuzimazima kwa magetsi kuno?

Mayi wa anyamata awiri, Bangwe:

Asisi pepani, ndinadutsamo. Choyamba, botolo musamupatse ndinu. Mwana sangalole pulasitiki pomwe akumva fungo la bere pafupi. Mupatseni mng'ono wanuyo, inu tulukani, pitani kwa aneba, asamve ngakhale mawu anu. Chachiwiri musadikire kuti njala imupweteke. Mwana amene wayamba kale kulira saphunzira chinthu chatsopano. Muyeseni atangodzuka, akusangalala, pakati pa nthawi zake zoyamwa. Kamodzi patsiku basi, mkaka pang'ono kuti usawonongeke. Akakana musamukakamize, mawa ndi tsiku.

Namwino wa ku wodi ya ana:

Mai, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Ine ndinena zomwe ambiri pano sazikonda: mwana wanuyo safunika botolo kuti amwe mkaka wofinya. Kapu imakwanira. Ana obadwa masiku osakwana, aja a kangaroo, timawamwetsa ndi kakapu, nanga wa miyezi 3 angalephere?

Kamwetsedwe kake ndi aka. Mwana akhale chokhala pamwendo, mutu utachirikizidwa, manja mutawakulunga ndi nsalu kuti asagubuduze kapu. Thirani mkaka pang'ono m'kakapu kakang'ono, ikani mlomo wa kapu pa mlomo wake wam'munsi, pendeketsani mpaka mkaka ungofika m'mphepete n'kukhudza milomo. Iye yekha azinyambita ndi kupsontha. Musathire mkamwa, apo ndiye amatsamwa. Masiku oyamba wina umatayika, musataye mtima.

Chomwe timalimbikitsira kapu ndi ukhondo. Kapu mumaiona mkati monse, sopo ndi madzi yayera. Botolo lili ndi mizere ya pakhosi, lili ndi titi, malo onsewo mkaka umabisalamo, ndipo nyengo yotentha ngati ino tizilombo sitichedwa kuswana. Ana ambiri otsegula m'mimba amene timawagoneka, ukafunsa bwino umamva za botolo losatsukidwa mokwanira. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 m'mene inasautsira Blantyre. Nkhani ya madzi ndi ziwiya za mwana si yoseweretsa.

Phala ayi, dawale ayi, madzi ayi, mpaka miyezi 6. Matumbo ake sanakhwime. Ndipo kwa amayi ena amene mukuwerenga muli pa ma ARV, izi n'zofunika koposa: kusakaniza bere ndi zakudya zina miyezi 6 isanakwane kumawonjezera chiopsezo kwa mwana.

Membala wobisa dzina:

Zikomo a nesi. Kapu sindinaiganizepo. Koma mng'ono wangayo ndi wa mantha, akuti akuopa kumutsamwitsa. Tsiku lonse angakwanitse?

Mayi wogwira ntchito kubanki, Lilongwe:

A nesi anena zoona, koma tisamuopseze mnzathuyu ngati botolo ndi tchimo. Anga onse anamwa mkaka wofinya m'botolo ndipo anayamwa bere mpaka zaka ziwiri. Wondisamalira ana sankaleza mtima ndi kapu, theka la mkaka linkathera pa nsalu, mkaka womwe ndafinya movutikira. Ngati muli ndi madzi a pampopi ndi moto wowiritsira, botolo n'lotheka.

Inu asisi vuto lanu ndikuliona ndi titi, osati botolo. Mabotolo aakulu a 250 ml nthawi zambiri amabwera ndi titi ya ana okulirapo, yotulutsa mkaka mofulumira. Mwana wozolowera bere amayamba wagwira ntchito kuti mkaka ubwere, ndiye ukamuthira mkamwa wambiri chonchi amadzidzimuka. Funani titi yolembedwa 0m+ kapena slow flow, ya ana obadwa kumene, ngakhale wanuyo ali ndi miyezi 3. Poyesa thiranimo madzi muzondotse botolo: azidontha dontho limodzilimodzi, osati kuchita mzere. Ndipo wina asakunamizeni kuti mukuze bowo ndi singano.

Za dzina la kampani musadandaule nazo kwambiri. Avent ndi yabwino, NUK ndi yabwino, Pigeon ndi yabwino, koma palibe imene mwana aliyense amailola. Chimene ndimayang'ana ine ndi khosi lalikulu loti burashi ilowe bwino, manambala a ml owoneka osafufutika, pulasitiki yolembedwa BPA free (kutanthauza kuti ilibe mankhwala otchedwa BPA amene safunika m'ziwiya za ana), komanso kuti titi zake zosinthira zimapezeka kuno. Gulani limodzi kaye laling'ono, la 125 kapena 150 ml. Akalilola ndiye muwonjezere. Musagule seti yonse mwana asanavomereze. Ngati mnzanu akupatsani botolo logwiritsa kale ntchito landirani, koma titi gulani yatsopano.

Pomwetsa, mwana asagone chagada. Akhale chotsamira pang'ono, botolo likhale chopingasa, mkaka ungodzaza nsonga ya titi. Mukhudzeni nayo pamlomo wam'mwamba ayasamule yekha, ailowetse ndithu mkati osangoluma kunsonga. Akameza kangapo tsitsani botolo apume, ngati m'mene amapumira pa bere. Akamwa chothamanga amadzazolowera zophweka n'kuyamba kunyanyala bere madzulo. Botolo lomutsamiritsa pa pilo n'kumusiya yekha, limenelo ndiye muletseretu.

Bambo wa mapasa:

Amayi mundilole ndilankhulepo, kwathu wotsuka mabotolo ndinali ine. Mukangomaliza kumwetsa tsukuluzani pompo, mkaka ukauma umavuta. Masulani zonse, titi payokha, kachivindikiro pakokha, tsukani ndi sopo ndi burashi yake yosagwiritsa ntchito ina. Kenako m'poto wa madzi owira, zonse zimire, mphindi 10. Pambaula zimatheka bwinobwino. Poto ameneyo akhale wa mwana yekha. Muumitse pamalo oyera, osapukuta ndi kansalu ka mbale. Titi ikayamba kunyata kapena kung'aluka, tayani.

Mayi wina, Ndirande:

Zovutikiranji zonsezi? Mugulireni Lactogen masana, bere usiku. Ana ambirimbiri akula nawo.

Namwino wa ku wodi ya ana:

Mai, mkaka wa m'chitini uli ndi malo ake, pali ana amene amaufunadi, ndipo mayi wowupereka sitimunyoza. Koma mnzathuyu mkaka ali nawo, ndipo mwana akukana chomwera, osati mkakawo. Lactogen adzamwera momwemo m'mene akukanamo. Onjezani mtengo wa zitini pamwezi.

Za kuchuluka: mwana wa msinkhu uwu amamwa pafupifupi 750 ml pa maola 24, ndipo pa kumwa kumodzi ndi pakati pa 60 ndi 120 ml. Ngati muchoka maola 11 kapena 12, yambani ndi kusiya 300 mpaka 400 ml, muwone m'mene akuthera. Gawani m'timakontena ting'onoting'ono totsekeka, lembanipo tsiku. Pamalo ozizira m'nyumba mkaka wofinya umakhala maola 4, kutentha kwa Okutobala musapitirire pamenepo. Mufiriji masiku 4, kumbuyo kwenikweni, osati pachitseko. Magetsi akazima musatsegulatsegule firiji, ndipo sungani mabotolo a madzi oundana mufiriza kuti zikavuta muike pamodzi ndi mkaka m'kabokosi kosunga kuzizira. Potenthetsa ikani kontena m'madzi ofunda, osawiritsa mkakawo pamoto. Ukalekana mafuta pamwamba sunawonongeke, ingozunguzani. Wotsala mwana atamwako usadutse maola 2.

Kuntchito muzifinya maola atatu alionse ngati n'kotheka, mukapanda kutero mabere amatupa ndipo mkaka umayamba kuchepa. Muyamwitseni musanatuluke pakhomo ndiponso mukangofika. Ena masana amamwa pang'ono n'kubwezera usiku, musadabwe. Akamanyowetsa matewera 6 kapena kuposa patsiku ndipo ku sikelo akukwera, ndiye kuti akukhuta. Akachepetsa kukodza, akafooka kapena liwombo likalowa, thamangani naye kuchipatala.

Gogo wa zidzukulu zisanu, Zomba:

Mwanawe, ine ndiyankhe za apongozi akozo, poti ndine mpongozi nanenso. Mayiyo sakufuna kumupweteka mdzukulu wake. Akuopa kutsala ndi mwana wolira ndi njala alibe chomupatsa, ndipo phala ndi chomwe akuchidziwa. Ukangowaletsa osawapatsa china chochita, tsiku lina udzapeza amuphikira iwe kulibe. Pita nawo ku sikelo akamve okha kwa anamwino, ndipo nkhani ya phalayi awauze ndi mwana wawo, osati iwe. Komanso ntchito yomwetsayo uwapatse iwowo. Kapu ife sitiiopa, mng'ono wakoyo aphunzire poona.

Membala wobisa dzina:

Agogo mwandikhudza, zikomo. Ndalankhula ndi bambo a mwana, avomera kukamba ndi mayi awo madzulo ano, ndipo ku sikelo tipita nawo. Mawa ndikafuna kabotolo kakang'ono ka slow flow, kapu nayonso tiyamba kuyesa ine nditatuluka. Funso lomaliza: ku ofesi kwathu kulibe chipinda chapadera. Anzanga ogwira ntchito mumafinyira kuti, nanga mkaka umafika bwanji kunyumba pa minibasi?

Mayi wogwira ntchito kubanki, Lilongwe:

Musadikire tsiku loyamba ntchito. Imbirani abwana anu sabata ino, pemphani kachipinda kalikonse kotsekeka, ngakhale kosungira mafayilo, bola kusakhale kuchimbudzi. Tengani sopo wanu wosambira m'manja, makontena owiritsa kale, ndi kachikwama kosunga kuzizira muli botolo la madzi oundana. Ngati kuli firiji ya ku ofesi ikani m'menemo mpaka poweruka. Mukafika kunyumba ulowe mufiriji nthawi yomweyo, umenewo ndiye wa mawa lake.