Mbande za blueberry pa K250 imodzi, ndigule kapena ndisiye?

Anaphiri a ku Chelstone: Odi abale. Dzulo ndinaima pa nazale ina m'mbali mwa Great East Road, ndinapeza mbande za blueberry, K250 imodzi. Wogulitsa akuti nditenge zitatu kuti zizibereka bwino. Mwana wanga wamng'ono amazikonda zipatsozi, koma kabokosi ka magalamu 125 ka m'sitolo kamatha tisanafike n'komwe pageti. Ndiye ndikuganiza zodzala kuseri kwa nyumba. Amene munayesapo muno mu Lusaka, zimabereka ndithu? K750 sindingangoitaya, mwezi uno kuli fizi.

Mdzukulu wa ku Katete: Mayi musayerekeze. Ine mpaka lero mtima ukundiwawa. Chaka chatha ndinagula njere kwa munthu wina pa intaneti, K150 kapepala kamodzi, zithunzi zake zokongola, mitengo yolemedwa ndi zipatso. Ndinafesa, ndinathirira miyezi itatu, madzi ogula pa dramu chifukwa nthawi imeneyo magetsi akangothima pampu ya alandilodi imaima. Zinamera msanga, zinakula, zinabereka timipira takuda. Amayi atabwera kuchokera kumudzi anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti mwananga uwu ndi mnadzi. Mnadzi umene umamera wokha pa dzala! Ndinamuimbira munthuyo, nambala sikupezeka mpaka lero. Anthu amenewa alibe chisoni.

Bwana Makeni: Mukufuna zotchipa ndiye mulira choncho. Ine ndili ndi mitengo 40, mitundu ya Biloxi ndi Emerald, yonse m'zidebe zake, madzi a dripu, pampu ya sola. Imodzi ndinkapereka K400 ndipo sindinanenerere. Alendo akabwera kwathu amathyola okha. K250 imeneyo ine ndikukayika ngati ndi blueberry weniweni.

Nabanda: Alendo ake ati, mbalame? 😂

Bwana Makeni: Pali neti, mayi. Neti yokhayo ndi yodula kuposa mbande zitatu zikunenedwazi.

Amake Dalitso: Koma anthu inu mukuvutikiranji? Bwerani ku Chilenje ndikuduleni nthambi ya mabulosi, ulere. Mungoizika pansi mvula ikayamba, zaka ziwiri ana akudya mpaka milomo bii. Sufuna feteleza, sufuna neti, masamba ake akalulu anga amadya. Blueberry ndi zipatso za anthu a ku Kabulonga.

Nabanda: Mabulosi ayi Amake Dalitso. Mbalame zikadya zimenezo zimakathera pa zovala zimene mwayanika. Malaya oyera a kusukulu a mwana wanga anawonongeka chifukwa cha mtengo wa aneba.

Aphunzitsi opuma a ku Libala: Anaphiri, musanatulutse ndalama tsegulani kaye ketulo yanu muyang'ane m'kati. Ngati muli zoyera zomata pansi, nkhani yonse ili pamenepo. Gawo lalikulu la Lusaka lakhala pamwamba pa miyala ya laimu, ndiye madzi a borehole amabwera ndi laimuyo. Blueberry amafuna dothi la asidi, pH (muyezo wa asidi) ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo laimu amachita zosiyana ndi zimenezo. Mukamathirira madzi amenewo tsiku ndi tsiku, asidi uja amatha pang'onopang'ono, mizu imalephera kukoka ayironi m'dothi, masamba atsopano amasanduka achikasu mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Ambiri akaona choncho amathira manyowa a nkhuku kapena phulusa poganiza kuti mtengo uli ndi njala, ndiye amaumalizitsa. Ine ndinataya iwiri mwa njira imeneyo ndisanamvetse.

Yachitatu ili moyo, chaka chachinayi tsopano. Ili m'chidebe cha malita 40 chobowola pansi, mulibe dothi la pakhomo ngakhale pang'ono, ndi makungwa a paini owola osakaniza ndi peat moss (zomera zowola za m'madambo), ndi sulufule pang'ono. Feteleza ndimathira ammonium sulphate, kachibenthu ka supuni basi, chifukwa mizu yake ndi yopyapyala ngati tsitsi ndipo ili pamwamba, imapsa msanga. Madzi ndi a mvula, ndimatchera m'madramu awiri kuyambira Novembala mpaka Malichi.

China, mufunseni wogulitsayo dzina la mtundu. Akakuuzani kuti "ndi blueberry basi", chokanipo. Mitundu ngati Bluecrop imafuna kuzizira kwa maola 800 kapena kuposa pansi pa madigiri 7, ndipo chisanu chathu cha Juni ndi Julayi sichifika pamenepo. Funani Biloxi, Misty, Sharpblue kapena Sunshine Blue, imeneyo siifuna kuzizira kwambiri.

Mdzukulu wa ku Katete: Aphunzitsi munali kuti chaka chatha?

Anaphiri a ku Chelstone: Zikomo aphunzitsi. Ketulo yanga ndi yoyera mbuu m'kati. Nanga madramu awiri amafika mpaka Okutobala? Kwathu kutentha kwa mwezi umenewo ngakhale repu amagona masana.

Aphunzitsi opuma a ku Libala: Pa mtengo umodzi amafika, ukaphimba pamwamba ndi masamba a paini ndi kuuchotsa padzuwa la masana. Pa itatu sangafike. Chaka cha chilala cha 2024 madramu sanadzaze, ndinavutika.

Jere wa minibasi: Thirani viniga m'madzi basi, mlamu wanga amatero. Ndipo K250 akuberani, ku Chongwe ndinaziona pa K180.

Bwana Makeni: K180 ndi mnadzi winanso umenewo.

Jere wa minibasi: Bwana, si chilichonse chotchipa chili chabodza. Inu anakuonani galimoto ndiye anakweza mtengo.

Aphunzitsi opuma a ku Libala: Viniga amatsitsa pH ya madzi, zoona, koma mphamvu yake m'dothi sikhalitsa, ndiye muzithira nthawi iliyonse mukamathirira, ndipo popanda choyezera mukhoza kupyola muyezo. Gulani timapepala toyezera pH kaye.

Mai Zulu Kanyama: Ine funso langa ndi lina. Ndani ali ndi nambala ya munthu wogulitsa mbande za mapeyala zomezanitsa? Zimene zimabereka msanga.

Nabanda: Mai Zulu yambitsani nkhani yanu, pano tili pa blueberry.

Tembo wa akawunti: Tiyeni tiwerenge. Mbande zitatu K750. Zidebe zitatu, peat moss amene amachokera kunja, sulufule, neti, madramu. Mudutsa K2,000 musanalawe kachipatso kamodzi. Ndipo chaka choyamba amati uzithothola maluwa kuti mtengo ukule kaye, kukolola kwenikweni ndi chaka chachitatu. Ndalama imeneyo mugula nayo timabokosi tingati m'sitolo? Ku Chisamba kuli minda ikuluikulu ya blueberry, amatumiza mpaka kunja, koma kumeneko madzi amawayeza ndi kuwakonza ndi makina asanafike pa mtengo. Si za kuseri kwa nyumba ya lendi.

Bwana Makeni: Yanga inabereka chaka choyamba chomwe. Ndowa yathunthu.

Tembo wa akawunti: Tumizani chithunzi cha ndowayo.

Amake Dalitso: Chithunzi sichibwera chimenecho 😂 Anaphiri, nthambi ija ikukudikirani. Ndipo masuku akayamba kutsika ku msika wa Soweto mwanayo aiwala za blueberry.

Anaphiri a ku Chelstone: Masuku amadya, koma nyengo yake ndi yaifupi. Nyumba ndi yathu a Tembo, si ya lendi, ndipo ine sindikufuna kuchita bizinesi. Ndikufuna mwana azithyola yekha, aone mtengo ukuchita maluwa. Makungwa a paini ndingawapeze kuti?

Jere wa minibasi: Ku Buseko, kumene amagulitsa matabwa. Utuchi amangopereka, mungowagulira anyamata drinki.

Aphunzitsi opuma a ku Libala: Onetsetsani kuti ndi wa paini, ndipo usakhale wa matabwa opaka mankhwala a chiswe. Muusiye uwole kaye miyezi ingapo, wauwisi umalanda chakudya cha mtengo. Ine ndikanakhala inu ndikanagula umodzi wokha, wa dzina lodziwika, ndione ngati udutsa Okutobala woyamba.

Bwana Makeni: Umodzi subereka bwino. Njuchi zimafuna mitundu iwiri.

Aphunzitsi opuma a ku Libala: Iwiri imabereka zochuluka, sindikana. Koma Sunshine Blue amabereka ngakhale ali yekha.

Mdzukulu wa ku Katete: Kaya umodzi kaya iwiri, muujambule wogulitsayo ndi nazale yake musanalipire. Ine K150 yanga ndikuifunabe.

Anaphiri a ku Chelstone: Ndamuimbira tsopano lino. Dzina la mtundu akuti afunsa kwa abwana ake, andiuza Loweruka. Koma akuti zatsala zinayi zokha ndipo mawa mtengo ukwera kufika K300.

Mai Zulu Kanyama: Mumufunsekonso za mapeyala.