Madzi a padenga ndiwasunge bwanji kuti asachite timphutsi?

Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru.

Ndimakhala ku Area 36, nyumba ndi yathu ndithu, ya malata, koma mpopi sitinakokebe. Timagula pa kiyosiki, ndipo pakhomo pa anthu 6 zigubu zimatha ngati tikumwetsa ng'ombe. Chaka chatha ndinatchera migolo iwiri ya malita 200 pansi pa denga. Masiku oyamba chimwemwe chokhachokha, sopo kuchita thovu, mayunifomu a ana kuyera mbee. Patangotha sabata ndi theka ndinapeza timphutsi tikuvina m'madzimo, pansi pa mgolo matope akuda bii, komanso kafungo. Apongozi anga atasuzumira anangoti, "Mukufuna mutimalize ndi kolera?" Ndinakhuthulira ku nthochi.

Pano October akutha, mitambo yayamba kuunjikana cha ku Dzalanyama. Bambo a kunyumba akuti ndikalandira za banki m'khonde tigule thanki ya malita 5,000, akuti itifikitsa mpaka chilimwe. Ine mtima ukukana. Kodi ndinalakwitsa pati? Nanga madziwa tingamwe?

Bambo wina wa ku Kawale: Mayi, munatchera mvula yoyamba, eti? Chizimalupsa si madzi osunga. Kuyambira May denga lija lakhala likulandira fumbi, phulusa la moto wa m'tchire, zitosi za nkhunda ndi akhwangwala, abuluzi akufa. Mvula yoyamba ndi yachiwiri zisiyeni zitsuke denga. Ngakhale pakati pa dzinja, ikayamba kugwa dikirani kaye pang'ono madzi oyamba apite pansi, kenako tsegulani mgolo.

Mayi wa ku Chinsapo: Timphutsito ndi ana a udzudzu achemwali, munkaweta malungo pakhonde. Mangani neti yakale pakamwa pa mgolo ndi lamba wa chubu cha njinga, mvula ikatha vindikirani bwinobwino. Ndipo chonde ngati pali mwana wokwawa kapena woyenda kumene, mgolo ndi beseni zisamakhale pululu. Mwana akagwera chamutu satha kudzitulutsa.

Mmisiri wa mapaipi: Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa nkhani ya thanki anthu amaiona mopepuka. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi imapereka lita imodzi. Denga likakhala mamita 10 kwa 8, mvula ya mamilimita 20 ikupatsani malita 1,600, kuchotsapo otayika. Lilongwe imalandira mamilimita oposa 800 pachaka, pafupifupi onse pakati pa November ndi April. Ndiye kudzaza si vuto, mvula zinayi zamphamvu thanki yasefukira. Vuto ndi uko kutsogolo. Anthu 6, aliyense ndowa imodzi ya malita 20 patsiku, ndi malita 120. Thanki ya 5,000 yatha m'masiku 41 kapena 42. Mvula ikasiya mu April, June asanathe mwabwerera pamzere wa kiyosiki. Abambowo auzeni mwaulemu kuti chilimwe sichifikika.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi magata, tingalande totchera madzi m'mphepete mwa denga. Popanda magata mukungotola madzi a mizere iwiri itatu ya lata, ena onse akukumba maziko a nyumba. Ikani gata mbali imodzi, lipendekeke pang'ono, pa paipi yotsika muike kasefa ka waya. Thanki ibwere pambuyo, ndipo ikhale yakuda kapena yobiriwira yosalowa dzuwa, apo ayi muweta ndere. Musaiwale kuti malita 5,000 ndi matani 5. Pansi pake pafunika simenti yosalala, osati njerwa zosanjikiza.

Wina: Ine ndakulira madzi a mvula kumudzi, sindinadwalepo. Anthu a m'tauni mumachulutsa mantha.

Mayi wa ku Chinsapo: Achimwene, 2022 ndi 2023 mwaiwala kale? Kolera inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe yomweyino matenti anali odzaza. Madzi ochokera kumwamba ndi oyera, koma adutsa padenga, alowa mumgolo, mwana wapisamo kapu ndi manja. Akumwa muziwiritsa, kapena thirani WaterGuard monga alembera pabotolo, mudikire mphindi 30. Alangizi a zaumoyo amagawanso klorini nthawi ya dzinja, kafunseni ku chipatala chapafupi. Ochapira ndi okolopera musavutike nawo.

Bambo wa ku Kawale uja: Ndiwonjezere: migolo yogula pamsika muzifunsa kuti munali chiyani. Ya mafuta ophikira kapena zakudya ndi yabwino. Yomwe munali mankhwala a m'munda, penti kapena oyilo, ngakhale mutsuke kakhumi, musamweremo.

Wofunsa: Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Inde ndinatchera tsiku loyamba lenileni, ndinkathamanga ndi migolo ngati ndikuthawa moto. Mawerengero aja ndawatumizira bambo a kunyumba, awerenga koma sanayankhe. Amisiri, mbali yakumbuyo ya denga lathu ili pansi pa mtengo wa mango ndipo malata ake ayamba dzimbiri. Gata ndiike kutsogolo kokha, kapena ndidulire nthambi? Mtengowo anadzala ndi apongozi, ndiye muyankhe mondiganizira.