Kodi zomera za pamwamba pa phiri la Mulanje zinachokera kuti?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni

Ndikupereka moni kwa nonse. Mwezi watha ndinakwera phiri la Mulanje ndi ana a Folomu 3, tinayambira ku Likhubula n'kukagona ku Chambe. M'munsi tinadutsa m'nkhalango ya masuku ndi mombo yofanana ndi ya kuno ku Michiru, koma titafika pamwamba tinapeza udzu waufupi, zitsamba za masamba onga singano, ndi maluwa oti ukawagwira amachita phokoso ngati pepala louma. Mtsikana wina anandifunsa kuti zomerazo zinafikako bwanji pamene m'munsi mulibe ndi chimodzi chomwe, ndipo ndinangomuyankha kuti n'chifukwa cha kuzizira. Yankholo silinandikhutiritse ngakhale ine ndemwe, pakuti kuzizira kumasunga chomera koma sikuchibweretsa. Kodi alipo amene angandithandize?

Mayi wa ku Namiwawa

Aphunzitsi, za kuzizirazo munanena zoona. Munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, choncho nsonga ya Sapitwa, yomwe ili pa mamita 3,002, ndi dziko lina poyerekeza ndi Blantyre. Mapiri oterewa ali ngati zilumba zozizira pakati pa nyanja ya malo otentha, ndipo zomera zake zambiri ndi alendo amene abale awo ali kutali.

Gulu lina abale ake ali kummwera. Zitsamba za masamba onga singanozo ndi za mtundu wa Erica, umene uli ndi mitundu pafupifupi 700 ku Cape, m'dziko la South Africa, ndipo kumeneko n'komwenso kwachuluka Protea. Mkungudza wathu, umene dzina lake la sayansi ndi Widdringtonia whytei pokumbukira Alexander Whyte yemwe anatolera zomera pa phirili mu 1891, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, koma mbale wake ali ku mapiri a Cederberg, ku South Africa komweko. Gulu lachiwiri linachokera kumpoto. Zomera zing'onozing'ono monga Carex, Ranunculus ndi Alchemilla makolo ake ndi a ku Ulaya ndi Asia, ndipo kafukufuku wa chibadwa chake akusonyeza kuti zinalowa mu Africa maulendo angapo, osati kamodzi. Ku Nyika kuli kankhalango ka mtengo wa Juniperus procera, womwe ndi wochuluka ku Ethiopia ndi Kenya.

Bambo wa ku Ndirande

Mayi, ndamva, koma mtima wanga sunatsike. Mtengo ulibe miyendo. Unawoloka bwanji zigwa zotentha ngati cha Zambezi? Ine ndinakulira ku Mulanje, ndipo ndinkaona anyamata akutsika ku Chambe atasenza matabwa a paini pamutu, ali wopanda nsapato. Paini ameneyo anachita kudzala anthu. Kodi mkungudzanso sanaudzale azungu omwewo?

Mayi wa ku Namiwawa

Ayi, Bambo, azungu anaupeza mkungudza uli mitengo ikuluikulu, ndipo anaukonda chifukwa matabwa ake sadyedwa ndi chiswe. Paini amene mukunenayo, Pinus patula, ndiye mlendo wadzulodzuloli wochokera ku Mexico, ndipo atathawa m'minda yake anayamba kulanda malo a zomera zachilengedwe.

Za kuwolokazo pali njira ziwiri. Nyengo ya dziko lapansi yakhala ikusinthasintha, ndipo zaka pafupifupi 20,000 zapitazo kunkazizira kwambiri, moti zomera za m'mapiri zinatsikira m'munsi ndipo zilumba zija zinayandikana. Kutayambanso kutentha zinabwerera pamwamba, gulu lililonse n'kutsekeredwa pa phiri lake. Kudzipatula koteroko kukatenga nthawi yaitali kumabala mitundu yopezeka pa phiri limodzi lokha. Njira yachiwiri ndi mphepo ndi mbalame. Mbewu za maluwa a m'banja la chinaka (ma orchid pa Chingerezi) n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya banja limeneli. Ineyo ndimakhulupirira kuti njira yachiwiriyi inachita zambiri kuposa mmene timaganizira, chifukwa ngakhale kunazizira chotani, zigwa zina sizinakhalepo zozizira mokwanira.

Wokwera mapiri wa ku Limbe

Ndionjezere mfundo imodzi, kuti ana asasokonezeke akamawerenga za Kilimanjaro. Mulanje ndi wamfupi poyerekeza ndi phiri limenelo la mamita 5,895, ndipo alibe zomera zikuluzikulu za Dendrosenecio zimene zimamera cha pa mamita 4,000. Katswiri wa ku Sweden, Olov Hedberg, anafotokoza nyengo ya kumeneko kuti usana uliwonse ndi chilimwe pomwe usiku uliwonse ndi chisanu. Zomerazo sizitaya masamba ouma, zimawasunga pa thunthu ngati bulangeti, ndipo usiku masamba aawisi amafunyirana kuti ateteze nsonga. Ku mapiri a Andes, m'maiko a Colombia ndi Venezuela, kuli Espeletia yooneka chimodzimodzi, komatu inachokera kwa makolo ena. Chisanu chofanana ndicho chinaziumba mofanana. Ndiye kufanana kwa maonekedwe si umboni wa chibale, Aphunzitsi.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse. Maluwa onga pepala aja ndawafufuza, ndi a mtundu wa Helichrysum. Teremu ikubwerayi ndikufuna kupita ndi anawa ku National Herbarium ku Zomba kuti akaone zomera zouma za ku Mulanje ndi za ku Nyika zili pamodzi. Mayi, ngati mungapeze mpata, tidzasangalala mutatiperekeza.