Radar zakale za sitima zankhondo, zoona akuikamo makompyuta a m'shopu?

wamagetsi: Akuluakulu tandithandizeni. Ndamva zoti asilikali apamadzi aku America akumachotsa makompyuta akale mu radar zawo n'kuikamo ma server wamba, omwewa timagula ifewa. Zoona eti? Sizingathime pakati pa nyanja zimenezi?

mkulu_wa_mawaya: Zoona aise, amazitcha COTS, kutanthauza katundu amene ali kale pamsika. Zinalimba mu 1994 pamene William Perry, nduna ya zachitetezo ya America panthawiyo, analamula kuti asiye kupangitsa chilichonse mwapadera ngati pamsika chilipo. Komatu satayiratu radar yonse ayi. Antena imakhalitsa, radar ya SPY-1 ija inayamba ntchito 1983 pa sitima ya USS Ticonderoga koma mpaka lero ikadali pa sitima zambiri. Chimakalamba msanga ndi kompyuta yowerenga siginolo, zija za UYK-7 ndi UYK-43 zoyendera chilankhulo cha CMS-2, ana a masiku ano amene amachidziwa mungawawerenge ndi zala, ndiye ikafa mumayamba kusaka madala opuma pantchito. Pa radar zozungulira zija nkhani yake ndiyosavuta kwenikweni, umatenga mawaya atatu, wa video, wa trigger (wouza nthawi imene radar yatumiza siginolo) ndi wouza kumene antena yaloza (nthawi zambiri umagunda ka 4096 pa kuzungulira kamodzi), umawalowetsa mu kakhadi ka mu kompyuta, kenako chithunzi chimayenda pa netiweki mwa ASTERIX CAT-240 (ndondomeko yotumizira zithunzi za radar) basi, sikirini iliyonse m'sitimamo ikuona.

sindikhulupirira: Mmm bwana mukuzikometsera. Nanga sitima ya USS Yorktown mu 1997? Anaikamo Windows NT, wina analemba ziro pamalo polakwika, pulogalamu inagawa ndi ziroyo, makina onse phuu, sitima inangoti njo pamadzi maola oposa awiri. Kukanakhala kunkhondo bwenzi tikuimba nyimbo za maliro.

mkulu_wa_mawaya: Imeneyo sinali radar, anali makina oyendetsera injini, ndipo wolakwa ndi amene analemba pulogalamu yosakana ziro. Koma mantha anuwo ndikuwamva.

dokowe: Kwa ine vuto si kuthima, ndi kutha kwa katundu pamsika. Sitima amaipangira zaka 30 kapena kuposa, pomwe bodi ya kompyuta yomwe mwagula lero pakatha zaka zisanu fakitale yasiya kale kupanga. Mu 2015 navy ya America inalipira Microsoft pafupifupi madola 9 miliyoni kuti azisamalirabe Windows XP ndi mapulogalamu ena akale, taganizani. N'chifukwa chake a sitima zapansi pamadzi, pa sonar (makina omvera phokoso la pansi pa madzi) yawo ya A-RCI, anangopanga ndondomeko yosintha makompyuta ndi mapulogalamu pakangopita zaka zochepa, osadikira kuti zife kaye. Komanso server ya mu ofesi sidziwa mchere wa m'nyanja kapena kugwedezeka mfuti ikalira, amaiika mu kabati yokhala pa masipuling'i, ndiye kutchipa kuja kumayamba kuchepa pamenepo.

wamagetsi: Ndiye kakhadi kaja kangagwirenso pa radar ya boti wamba? Ndili nayo ina mu wekishopu, sikirini inapsa koma antena ikuzungulira bwinobwino.

mkulu_wa_mawaya: Ikani oscilloscope (chida choonetsa siginolo ya magetsi) pa waya wa video muone kaye ma volts ake musanagule kanthu.