Gulu la Chitukuko cha Kwathu: Uvuni wa makala m'nkhalango ija

Mlembi: Abale mwaona zithunzi? Uvuni wa makala mkati mwenimweni mwa nkhalango, mibawa ya m'mbali mwa mtsinje kwangotsala zitsa.

Malume a ku Joni: Ine ndinanena! Malo amenewo ndi a mbumba yathu, tinavomera pamaso pa amfumu kuti pasalimidwe, pasadulidwe mtengo, koma sitinagulitse ayi. Inu a komiti munalonjeza kuti muziyendera, nde munapondako liti?

Msungichuma: Malume, kuyendera kumafuna ndalama.

Malume a ku Joni: Ndalama? Zija tinasonkha za mbande ndi machubu zili kuti? Nazale yake ili pati? Namondwe Freddy wa mu March 2023 tonse tikudziwa zimene miyala ndi matope ochokera kuphiri zinachita ku Mulanje ndi Phalombe, lero mukusiya mtunda uja ukhale mbee kachiwiri, mukufuna tizingotumiza za maliro basi?

Achemwali a ku America: Pepani ndilankhuleko. Kuno ma land trust, mabungwe oteteza malo achilengedwe, akagwirizana ndi mwini malo amayamba alemba lipoti la mmene malowo alili tsiku losainira, mapu, zithunzi, malire onse. Kenako chaka chilichonse amapitako, kuyenda m'malire, kujambula pamalo omwe aja nkufananiza. Amasunganso thumba lapadera la ntchito imeneyo, ndipo malo akagulitsidwa panganolo limamanga wogulayo. Ife tili ndi pepala lililonse?

Mlembi: Maminitsi okha achemwali.

Aphunzitsi: Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yake ndi komiti yoyang'anira, tiitane alangizi a zankhalango tilembetse. Malire tilambule moto wa mu September usanayambe.

Malume a ku Joni: Kulembetsa ndavomera, koma m'dzina la ndani? Pepala likatuluka mawa muzidzati ndi malo a mudzi. Ndipo aphunzitsi inu ndinu akamwini, za dothi la mbumba yathu dikirani kaye.

Aphunzitsi: Madzi akasefukira safunsa kuti mkamwini ndani malume, nyumba yanga ili kumunsi komweko.

Achemwali a ku America: Mnyamata mmodzi wa foni yabwino atha kumajambula pamiyala ya malire, mayunitsi ndilipira ine.

Malume a ku Joni: Musatumize kwa msungichuma! Marisiti a mbande aoneke kaye pagulu pano.

Msungichuma: Buku lili ndi wapampando wakale, mufunseni yekha.

Mlembi: Nanga za wootcha makalayo tikuti bwanji? Anthu akuti ndi wa m'banja mwanu momwemo malume.

Malume a ku Joni: Wanena ndani zimenezo? Atchulidwe dzina.