FC 26 ya pa shopu: disiki kapena kudawuniloda?

Wa ku Mpondasi: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pa shopu yanga yoseweretsa magemu ndili ndi ma PS4 (makina a PlayStation 4) atatu, onse akadali pa FC 24, gemu ya mpira imene kale inkatchedwa FIFA. Chitulukireni FC 26 mu Seputembala 2025, anyamata akangosuzumira pakhomo funso ndi limodzi: "Ankolo, FIFA yatsopano ilipo?" Ndikati ayi, amabweza ndalama m'thumba n'kupitirira. Loweruka lapitali TV imodzi yakhala yozima tsiku lonse. Ndigule madisiki atatu, kapena ndigule kamodzi pa intaneti n'kuika m'makina onse? Komanso ndimasunga kangachepe koti ndidzagule PS5 chifukwa cha gemu ina yatsopano, GTA VI.

Wa ku Monkey Bay: Achimwene, zogula kamodzi n'kugawira makina atatuzo iwalani. Akaunti imene mwagulira gemu imakhala primary (kutanthauza kuti makinawo alembetsedwa ngati akeake a akauntiyo) pa PS4 imodzi yokha, ndipo imeneyo ndiyo imasewera popanda intaneti. Yachiwiri imafuna kuti mulowe ndi akaunti yomweyo, netiweki ili yoyaka nthawi zonse. Ine ndinayesapo. Netiweki inagwa mpira uli mkati, gemu n'kutseka, anyamata awiri akufuna ndalama zawo, wina atachinya kale zigoli ziwiri. Ndinabweza.

Wa pa Boma: Ndiwonjezereko. Ambirife maakaunti athu ndi a ku South Africa, ndiye vocha yoikira ndalama mu akaunti nayo ikhale ya marandi. Mukagula ya dziko lina siilowa, ndalama yapita. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, ine ndimakonda disiki. Mukatopa nayo mumagulitsa kapena kusinthanitsa. Koma dziwani kuti disikiyo iyenera kukhala m'makina momwemo posewera, ndiye imodzi ndi ya TV imodzi basi.

Wa ku Mpondasi: Ndiye kuti atatu ndithu? Thumba silifika, akulu.

Wa pa Boma: Ayi, yambani ndi imodzi. Ikani pa TV yaikulu ija, mtengo wa gemu pamenepo mukwezeko pang'ono, enawo atsale pa FC 24 pamtengo wakale. Ofuna osewera atsopano adzakhala pa mzere okha. Ikabweza ndalama yake mugule yachiwiri, nthawi imeneyo mtengo udzakhala utatsikako. Apudeti yoyamba imadya bandulo kwambiri, choncho chitani usiku, ndipo makina akhale pa invetala kuti magetsi asakudulireni pakati. Pukutaninso fumbi pa fani, kutentha kwa kuno mukukudziwa.

Wa ku Namwera: Pa za GTA VI ndiyankhulepo ine, poti nanenso ndikuyidikira ndi mtima wonse. GTA V inatuluka 2013, taonani zaka zimenezo! Rockstar, kampani yopanga GTA, inalengeza kuti GTA VI idzatuluka pa 19 Novembala 2026, pa PS5 ndi Xbox Series basi, PS4 palibe. Komatu pa shopu si imene ingakudyetseni. Mpira amalipira awiri, mphindi khumi atha, ena akhalapo. GTA munthu mmodzi amagwira padi ola lathunthu akungoyendetsa galimoto. Ndiponso ndi gemu ya akuluakulu, pamene ambiri obwera kwa ife ndi ana asukulu. Makolo akamva, dzina la shopu lawonongeka. PS5 gulani ndithu ikafika nthawi, koma ikhale yolowa disiki, chifukwa imawerenganso madisiki a PS4 amene muli nawo kale.

Wa ku Mpondasi: Zamveka, zikomo nonse. Nditapa pa ndalama ya PS5 ija ndigule disiki imodzi ndi padi yatsopano, poti ina ndodo yake ikukokera kumanzere yokha. Akulu a pa Boma, amene amakubweretserani madisiki kuchokera ku Joni uja abweranso liti?

Wa pa Boma: Kumapeto kwa mwezi. Muuze kuti ya PS4, ya mzere wabuluu pamwamba, asakutengereni ya PS5. Ndikuimbirani madzulo ano.